Kuwerenga Mpaka Khumi

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndakhala ndili pakamwa pa Zelipa.
Namwino wa ku Kanyama akafunsa, "Pakupweteka pati?"
ndinkayankha ine, mwana akadatsegula milomo.
Kondakitala akatambasula dzanja
ndalama inkachoka m'thumba langa.
Ntchito yanga ndi yowotcherera mageti;
sindinaone kuti lina ndinaliwotcherera
pa lilime la mwana wanga.

Maphunziro anali a Loweruka, m'holo ya tchalitchi ku Matero,
mipando ya pulasitiki, fani itangoti zii, magetsi atathima.
Ndisaname, ndinapita poti ankabweza ya basi.
Mayi Nyendwa anatigawa, makolo uku, achinyamata uko,
natiloza ndi choko:
"Inu, phunziro lanu ndi limodzi.
Mwana akafunsidwa, werengani mpaka khumi chamumtima
musanamuyankhire."

Ndinaseka. Khumi n'chiyani?

Khumi ndi ulendo wa pansi
wochoka ku Soweto m'matope a Januwale.
Pofika zitatu manja ayamba kuyabwa.
Pa zisanu, thukuta kumsana.
Pa zisanu ndi ziwiri Zelipa ameza malovu, ayang'ana kudenga,
ndipo pa zisanu ndi zinayi
liwu limatuluka, lolemera,
lopindika ngati waya wochoka pamoto,
koma lake.

Kuseri kwa katani ankaphunzira kukweza mkono,
kuyang'ana munthu m'maso,
kufunsa dzina la amene wakukaniza.
Anavota ndi zitsekerero za mabotolo.
Zelipa anasankhidwa kukhala wosunga nthawi,
anapatsidwa belu la njinga.
Anaimbira abusa. Anaimbira Mayi Nyendwa.
Ine anandiimbira kawiri,
ndisanafike ndi pakati pomwe pa mfundo yanga.

Usiku woti mawa tipita ku khonsolo
ndinamulembera mawu ndi tochi ya foni,
masamba awiri odzaza maufulu,
mawu aakulu oti akuluakulu agwedeze mitu.
Iye anapinda pepalalo kanayi
nalilowetsa m'sokosi.

Mu ofesi munali tebulo lalitali ndi bwana wa tayi yofiira.
"Ndine Zelipa Njobvu," anatero. "Ndimakhala ku Kanyama."
Kenako chete.
Wotchi ya pakhoma inkamveka ngati nyundo.
Bwana anatembenukira kwa ine:
"Bambo, mwina mutithandize, nthawi yatha."

Chimodzi. Ziwiri.
Ndinaluma tsaya mpaka kumva mchere.
Zisanu ndi chimodzi.
Khumi inakwana, ndinayambiranso.

"Ngalande ya pa sukulu yathu ilibe mlatho.
Mvula ikagwa Gilibati amatsala kunyumba
ndi njinga yake.
Ine ndimalumpha.
Iye salumpha."

Zimenezo m'pepala langa munalibe.
Ngalande imeneyo ndimaidumpha tsiku ndi tsiku
nditasenza zitsulo paphewa,
ndipo Gilibati sindinamuganizirepo.

Bwana analemba kanthu.
Kaya analemba mlatho, kaya anangoyesa cholembera,
sindikudziwa.
Mitambo yayamba kale kuunjikana cha ku Chilanga.

Dzulo ndinatenga tepi, ndinakayeza:
mamita awiri ndi theka.
Zitsulo zotsala ndili nazo, masiku awiri ndamaliza.
Zelipa anandipeza nditagwada pamenepo,
anayang'ana tepi, anayang'ana ine.
"Ayi, atate. Ndi ntchito yawo.
Lachiwiri tipitanso."

Ndinafuna kunena kuti dziko siliyenda choncho,
kuti ofesi imadya nsapato za amphawi.
Belu linali m'dzanja lake.
Ndinapinda tepi.

Lero mu basi walipira yekha.
Kondakitala wanyengezera kuiwala chenji,
maso ali pawindo, akuitanira anthu a ku tauni.
Zelipa watambasula dzanja, walisiya pomwepo, lotsegula.
Ine ndakhala kumbuyo kwake, pa mpando wa pa tayala,
mawondo ali pachifuwa,
ndafika pa zinayi.